Tikufuna kubwereka RV tikazungulire mapaki a kumadzulo kwa America ndi ana, milungu iwiri ikwana?

MayiWakuHouston

Moni nonse abale. Ndikupempha nzeru kwa amene anayendapo pa RV, galimoto zija zokhala ndi mabedi, khitchini ndi chimbudzi momwemo. Bambo a kunyumba apatsidwa tchuthi cha milungu iwiri mu Julaye, ndiye akuti chaka chino zopita kunyanja ku Galveston tizisiye kaye, tikaone mapaki a kumadzulo. Tilipo anthu 6: ife awiri, ana atatu a zaka 13, 9 ndi 3, komanso apongozi anga aakazi amene abwera kudzacheza. Iwowa mawondo amawavuta, sayenda mtunda wautali.

Mndandanda umene abambowa amata pa filiji ndi uwu: Grand Canyon, Zion, Bryce Canyon, Arches, Grand Teton, Yellowstone, ndipo akuti nthawi ikalola tikathere ku Glacier. Akuti pa mapu zonsezi zayandikana. Akufuna tinyamukire pakhomo pano ndi RV ya mafiti 32 poti tachuluka. Ine mtima sukukhazikika, koma ndikanena amati ndine wamantha.

Kodi milungu iwiri ikwana? Nanga RV yaikulu chonchi imafuna laisensi ina? Ndipo usiku timangoima paliponse pamene patisangalatsa m'pakimo, kapena pali malamulo ake? Ndithandizeni tisanalipire dipoziti.

MalumeWakuSaltLake

Achemwali, si mantha amenewo. Mndandanda wa alamu angawo ndi wa miyezi iwiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tiwerenge kaye msewu wokha. Mukamafika ku Amarillo mwayenda mamailosi pafupifupi 600 koma mukadali mu Texas. Kukafika ku South Rim, mbali ya kumwera ya Grand Canyon, ndi mamailosi opitirira 1,200. Kuchokera ku Glacier kubwerera kwanu ndi pafupifupi 2,000. Mukaphatikiza ndi za pakatipo, ulendo wonse ukuyandikira mamailosi 5,000. RV za mtundu wa Class C, zimene mabanja ambiri amabwereka, zimayenda mamailosi 8 mpaka 10 pa galoni, ndiye tikunena magaloni 500 a mafuta kapena kuposerapo. Makampani ambiri obwereketsa amalipiritsanso pa mailo iliyonse, kuonjezera pa ndalama ya tsiku. Ndipo RV siithamanga. Foni ikakuuzani kuti maola 8, inu werengerani 10, kenako muikepo nthawi imene kamwana ka zaka zitatuko kadzafune kutsika. Theka la tchuthi lidzathera pa msewu waukulu, anawo akuyang'ana kumbuyo kwa mathiraki.

Ine ndikanakhala inu ndikanakwera ndege kupita ku Las Vegas, n'kubwereka RV kumeneko, n'kudzaibwezanso komweko, chifukwa kuisiya mumzinda wina kuli ndi ndalama yake yapadera. Kuchokera ku Las Vegas kufika ku Zion ndi mamailosi 160 okha. Mukatero muzungulira Zion, Bryce, tauni ya Page kumene kuli Lake Powell ndi Horseshoe Bend, Grand Canyon, basi mwabwerera. Mapaki atatu, ndipo paliponse mugone masiku angapo.

Chifukwa chimene ndikulimbikira zogona masiku angapo ndi ichi, ndipo anthu sachiganizira asananyamuke. RV ndi nyumba yanu komanso ndi galimoto yanu, mulibe ina. Mkaka ukatha, simungotuma abambo kusitolo. Muzula chingwe cha magetsi, muchotsa payipi ya madzi, mupinda kansalu ka mthunzi, mulongedza makapu ndi mbale zonse kuti zisagwe pokhota, mudzutsa amene akugona pa bedi la pamwamba pa dalaivala, aliyense amange lamba. Mukabwerako muyambirenso kuiimika bwino kuti isapendekeke, poti filiji ya gasi siigwira bwino ntchito galimoto ikakhala yopendekeka. Kuchita zimenezi m'mawa uliwonse kumatopetsa kuposa kuyendetsa kwenikweniko. Ubwino wa Zion, Bryce ndi South Rim ndi wakuti konseko kuli mabasi aulere a paki. Mumaimika RV pa kampu, n'kuiiwala. Ku Zion mabasiwa anayamba mu 2000, ndipo nyengo imene akuyenda, galimoto za anthu wamba siziloledwa n'komwe mumsewu wolowa m'chigwa chachikulu.

Za kugona paliponse, ayi ndithu. M'paki mumagona pa kampu pokha, pamalo pamene mwabukitsa. Mukaima pamalo oimika galimoto usiku, alonda a paki adzakugogoderani. Malo ambiri amabukitsidwa pa webusaiti ya boma ya Recreation.gov ndipo amatsegulidwa kutatsala miyezi 6, a m'chilimwe amatha msanga kwambiri. Choncho yambani kupeza pogona, RV mubwereke pambuyo pake, chifukwa malo aliwonse ali ndi utali wa galimoto imene ingakwanepo. Ku Mather Campground ku Grand Canyon malire ndi mafiti 30, ya alamu anga ya 32 yagwa kale pamenepo. Makampu ambiriwa anamangidwa kalekale, galimoto zisanakule chonchi. Dziwaninso kuti ambiri a m'kati mwa paki alibe polumikiza magetsi, madzi kapena payipi ya zonyansa. Kampu ya Watchman ku Zion ili ndi magetsi pa malo ena. Trailer Village ku South Rim ili ndi zonse zitatu. Ku Bryce makampu onse awiri a m'kati alibe, koma Ruby's Inn panja pa geti ili nazo ndipo basi ya paki imaima pomwepo. Opanda magetsi ndiye kuti makina oziziritsa mpweya adalira jenereta, ndipo jenereta ili ndi maola ake ololedwa, usiku siilira.

China chimene chingakusokonezeni ndi msewu wochokera ku Zion kulowera kum'mawa, wopita ku Bryce. Umadutsa m'kati mwa phiri, m'mphanga yotalika mailo imodzi ndi pang'ono imene anamaliza kuboola mu 1930. Ndi yopapatiza. Kwa zaka zambiri galimoto yofika mafiti 7 ndi mainchesi 10 m'lifupi, kapena mafiti 11 ndi mainchesi 4 kupita m'mwamba, inkalipira $15 kuti alonda aimitse galimoto za mbali inayo, iyo idutse pakati penipeni. Mu 2024 akuluakulu a pakiyo analengeza kuti kuyambira pakati pa 2026 galimoto zoposa miyeso imeneyi sizidzadutsanso msewuwu. Class C wamba imaposa mafiti 8 m'lifupi, ndiye musauwerengere. Mubwerere ku msewu waukulu wa I-15, mukwere kumpoto kupitirira Cedar City, mudule pa msewu 20 kukalowa mu US-89, kenako msewu 12. Ndi wozungulira koma mufika mtima uli m'malo. Ku Glacier nakonso, msewu wotchuka uja wa Going-to-the-Sun salola galimoto yoposa mafiti 21 pa chigawo chake cha m'mapiri. Mukanayenda ulendo wonsewo n'kukaima pa chikwangwani.

Kwa apongozi, njira imeneyi ili bwino. Riverside Walk ku Zion ndi yowaka, imatsata mtsinje wa Virgin pansi pa makoma ofiira a thanthwe, ndipo akatopa akhala pansi pomwepo n'kumaonera ana akuviika mapazi. Ku Bryce kanjira kochokera pa Sunrise Point kufika pa Sunset Point nakonso ndi kowaka, theka la mailo, ndipo zipilala zonse za miyala zija zili pansi panu. Kumeneko n'kokwera mafiti 8,000, moti ngakhale mu Julaye m'bandakucha mudzafuna juzi. Ife tinadzuka usiku kukasaka mabulangete amene masana ake tinkadandaula kuti angotidyera malo.

Kanthu kena koseketsa: m'chilimwe Utah imakhala patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Nevada ndi Arizona, koma dera la a Navajo, limene mbali yake yaikulu ili mu Arizona momwemo, limatsata nthawi yofanana ndi ya Utah. Cha ku Page foni imasinthasintha nthawi yokha. Ngati mwabukitsa chinachake kumeneko, funsani kuti akunena nthawi ya kuti.

AnakubalaAkuDenver

Amalume anena zoona pa zodula mndandanda, koma pa zosankha Zion mu Julaye, pepani, ine ndikukana. M'chigwa cha Zion mwezi umenewo kutentha kumapitirira madigiri 100 pa Fahrenheit masiku ambiri, ku Las Vegas ndi ku Page osanena. RV ikakhala padzuwa ndi bokosi lachitsulo. Ndi mwana wa zaka zitatu ndi munthu wamkulu, masana onse mudzangobisala. Ndi nyengonso ya mvula ya mabingu kumeneko, imene imadzaza timitsinje ta m'mipata ya miyala mwadzidzidzi, mpaka amatseka njira ya The Narrows. Utah ndi wa Epulo, Meyi kapena Okutobala. Julaye ndi wa Yellowstone.

Mayi, kwerani ndege mpaka ku Salt Lake City, mubwereke kumeneko, mupite ku Grand Teton ndi Yellowstone basi. Mapaki awiriwa ndi oyandikana zenizeni, osati za pa mapu a bambo a kwanu. Ku Teton mugone ku Colter Bay, kuli malo a RV okhala ndi magetsi ndi madzi, ndipo pa Jenny Lake pali boti lowolotsa anthu kupita tsidya la mapiri, apongozi akwera bwinobwino. Ku Yellowstone malo okhala ndi zolumikiza zonse ndi amodzi okha, Fishing Bridge, ndipo salola matenti kapena ngolo za makoma a nsalu chifukwa cha zimbalangondo. Mu 2025 ankabukitsidwa kudzera ku kampani yoyendetsa mahotela a m'pakimo, osati pa Recreation.gov. Akakhala atadzaza, yang'anani m'tauni ya West Yellowstone, ili pa geti penipeni.

Chimene Amalume angandigonjetse nacho n'chakuti ku Yellowstone kulibe mabasi a paki. Mudzayendetsa RV tsiku lililonse, ndipo pakiyo ndi yaikulu: msewu wozungulira uja, wooneka ngati nambala 8, ndi mamailosi 142, liwiro lololedwa silipitirira 45. N'chifukwa chake musatenge ya mafiti 32. Ya 25 kapena yocheperapo pang'ono pa 30 ikukwanani: ana awiri aakulu pamwamba pa dalaivala, apongozi pa bedi la kumbuyo, tebulo lodyera limasanduka bedi usiku. Mupanikizana, inde. Koma muimika. Pa kasupe wamkulu wa madzi otentha wa Grand Prismatic pofika 10 koloko m'mawa malo oimika amakhala atadzaza, ndiye muzinyamuka kukuyera, ana adyere pamalo oimikapo. Apa ndiye pamene RV imakoma: ena ali pamzere wa chimbudzi, inu mukuwiritsa tiyi.

Ana anu sadzaiwala chigwa cha Hayden Valley ku Yellowstone. Ife tinaima pamsewu nthawi yaitali chifukwa njati zinaganiza zowoloka, zopanda changu chilichonse. Yamphongo ina inadutsa pafupi ndi zenera moti tinkamva kupuma kwake, ubweya wakale ukulendewera m'mapewa, diso lake silinatiyang'ane n'komwe. Mdzukulu wanga amene amalongolola tsiku lonse anangoti zii. Muli m'galimoto palibe vuto. Mukatsika lamulo ndi mayadi 25 kutalikirana ndi njati ndi nyama zina, mayadi 100 kwa zimbalangondo ndi mimbulu. Njati imaoneka yaulesi koma imathamanga kuposa munthu, ndipo anthu ofuna kujambula nayo pafupi amavulazidwa. Mimbulu anaibwezeretsa m'pakiyi mu 1995, mukafuna kuiona pitani ku Lamar Valley m'mamawa, mudzapeza anthu a makina oonera patali, ambiri amalola ana kusuzumiramo.

Kamwana kaja mukagwire dzanja nthawi zonse pa timilatho ta matabwa ta pa akasupe otentha. Nthaka ya m'mbalimo ndi yopyapyala ndipo pansi pake pali madzi owira. Pa kasupe wothovoka wa Old Faithful pokha ndi pamene mungapume: pali mabenchi, nthawi imene madzi akuyembekezeka kuthovoka amailemba mu ofesi ya alendo, ndipo amathovoka pafupifupi ola limodzi ndi theka lililonse.

Zinthu ziwiri zimene abambo sakuuzani. Choyamba, mpando wa mwana. Mipando ina ya m'RV imayang'ana cham'mbali, ndipo mpando wa mwana suikidwa pa yoteroyo. Funsani kampani musanalipire ngati pali mpando woyang'ana kutsogolo wokhala ndi lamba ndi pokolekera pake. Ife kampani ina inatiuza pa foni kuti zonse zilipo, titafika sizinali choncho, tinachita kukangana mpaka anatisinthira galimoto. Auzeni akutumizireni chithunzi.

Chachiwiri, thanki ya chimbudzi. Muli matanki atatu: la madzi abwino, la madzi otsukira mbale ndi osamba, ndi la kuchimbudzi. Anthu 6 amadzaza awiri omalizawa m'masiku ochepa. Pokhuthula valani magolovesi, lowetsani payipi m'dzenje ndipo muitsamiritse ndi mwala kapena phazi, tsegulani la kuchimbudzi poyamba, likatha mutseke, kenako la madzi a sopo kuti atsuke payipiyo. Musasinthanitse. Ndipo gwirizanani panopa, muli kunyumba, kuti ntchito imeneyi ndi ya mwini mndandanda uja. Masana aliyense azipita ku zimbudzi za pa kampu, cha m'galimoto chikhale cha usiku ndi cha apongozi.

Mapiri amenewa ndi okwera, nyanja ya Yellowstone ili pa mafiti oposa 7,700, pamene Houston ili kufupi ndi nyanja yaikulu. Masiku oyamba apongozi angamve phuma ndi mutu. Azimwa madzi ambiri, musawathamangitse.

DalaivalaWaThiraki

Laisensi yanu yomweyo ikwana, RV zobwerekazi sizifika mapaundi 26,000 pamene malamulo ena amayambira. Koma laisensi si luso. Awuzeni achimwene izi.

Alembe kutalika kwa galimoto kupita m'mwamba pa kapepala, amate pafupi ndi chiwongolero. Ambiri amaphwanya denga pa malo omwetsera mafuta ndi pa nthambi za pa kampu, ndipo inshulansi zambiri za obwereketsa sizilipira denga. Kumbuyo kwa RV kumatalika kupitirira matayala, ndiye ukakhotera kumanja msanga, mchira umamenya cha kumanzere. Pobwerera m'mbuyo wina atsike aziwongolera, aime poti dalaivala akumuona pa galasi. Pomwetsa mafuta zimitsani gasi ndi zonse zoyaka moto.

Potsetsereka musadalire mabuleki. Tsitsani giya musanayambe kutsika, injini igwire galimoto, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya. Mukaipondereza njira yonse imatentha, mudzamva fungo, kenako siigwiranso. Ngati mwasankha za Anakubala, foni ingakutengereni pa msewu wa paphiri wa Teton Pass polowa m'tauni ya Jackson, kufupi ndi Grand Teton, kuchokera ku Idaho. Pamenepo msewu umatsetsereka 10 peresenti. Dzerani ku Alpine, mutsate mtsinje wa Snake, n'kotalikirapo pang'ono koma n'kosavuta. Galimoto zikachuluka kumbuyo kwanu, patukani pa malo opatukira zidutse. Mphepo ikakula m'zigwa za Wyoming ndi Idaho, chepetsani liwiro, thiraki ikamakupitirirani gwirani chiwongolero ndi manja awiri chifukwa imakukankhani.

MayiWakuHouston

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengetsa bambo a kunyumba, poyamba anati anthu a pa intaneti amakokomeza, koma atafika pa magaloni 500 anatenga cholembera okha. Tagwirizana za Salt Lake, Teton ndi Yellowstone, Utah tidzapita ana akadzatsekera mu Malichi kapena chaka china. Glacier aifufuta mwakachetechete. Za thanki ija akuti tikambirana.

Fishing Bridge ndayang'ana, masiku athu ndi yodzaza. Ndapeza malo ku West Yellowstone koma mtengo wake ukufanana ndi hotela. Palibe njira ina? Komanso polowa m'paki timalipira bwanji, pa munthu kapena pa galimoto? Apongozi ali pa viza ya alendo, kaya zimenezo zili ndi kanthu.

MalumeWakuSaltLake

Anakubala andigonjetsa, ndavomera, ngakhale Malichi ku Bryce mudzapeza chipale chofewa.

Polowa ndi pa galimoto: $35 ku Yellowstone, $35 inanso ku Grand Teton, iliyonse ya masiku 7. Khadi la pachaka la America the Beautiful ndi $80 kwa okhala m'dziko muno, limalowetsa mwini wake ndi onse amene ali naye m'galimoto, m'mapaki onse a boma lalikulu la America. Za apongozi zili ndi kanthu ndithu: kuyambira mu Januwale 2026 anthu osakhala ku America a zaka 16 kupita m'tsogolo amaonjezera $100 aliyense pa mapaki 11 otchuka ngati akulowa popanda khadi la pachaka, ndipo Yellowstone ndi Grand Teton ali m'gulu limenelo. Gulani khadilo m'dzina la mmodzi wa inu awiri, atenge ndi chitupa chake chifukwa pa geti amafunsa. Khadili sililipira malo ogona. Wa zaka 9 uja ngati ali mu giredi 4, pulogalamu ya Every Kid Outdoors imampatsa khadi laulere logwira ntchito mpaka kumapeto kwa Ogasiti, mumangosindikiza pepala lake pa intaneti n'kupita nalo. Mu ofesi ya alendo mufunsenso kabuku ka Junior Ranger. Ana amayankha mafunso a m'menemo poyenda, pomaliza mlonda amawaimika, akweze dzanja, alumbire kuti adzasamala paki, n'kuwapatsa baji. Wa zaka 13 adzanamizira kuti n'zachibwana koma baji adzaitenga.

Za pogona, simukufunika magetsi usiku uliwonse. Ku Yellowstone usiku kumazizira ngakhale mu Julaye, makina oziziritsa simudzawayatsa. Yesani Madison, Canyon, Grant Village kapena Bridge Bay, alibe zolumikiza koma ndi otsika mtengo ndipo ali m'kati mwenimweni. Mugone kumeneko masiku angapo ndi madzi a m'thanki, kenako usiku umodzi ku West Yellowstone kuti muchape zovala, musambe mokwanira ndi kutchaja zonse. Fishing Bridge muzisuzumirabe m'mawa uliwonse, anthu amabweza malo tsiku likamayandikira.

Tsiku lotenga RV musakonze zoyenda mtunda. Makampani ambiri amapereka galimoto masana, amayamba akuonetsani mabatani ndi mapayipi onse, ndipo pamenepo jambulani vidiyo pa foni chifukwa madzulo ake mudzakhala mutaiwala. Mukatuluka apo ndi kusitolo kukagula chakudya cha sabata, popeza m'paki zinthu ndi zodula. Bukitsani usiku woyamba pafupi, cha ku Ogden kapena Brigham City, kuti alamu anga aphunzire kuimika kukuwala.